Mikono ya Mkazi Wanga

Kuonda kwa mkazi wanga anthu ankakuona ndi maso, ine ndinkakumva m'nthiti. Chindigwireni sitiroko, yomwe inandipha mbali yonse ya kumanja, wondinyamula anali iye: kuchoka pabedi kupita pachikuku, kuchoka pachikuku kulowa m'bafa. Ankapisa mikono m'khwapa mwanga n'kunena kuti, "Tiyeni bambo, musadzilemeretse," ine n'kudzuka ngati thumba la makala. Anali mayi wathupi, wodzaza khomo.

Ndiye kuchipatala anamuuza kuti magazi akuthamanga kwambiri, achepetse thupi. Anabwera kunyumba nkhope ili gwa.

"Ndikagwa ine, inu akunyamulani ndani?" anandifunsa.

Malangizo otsalawo anakawatola kwa anzake a kusaluni, madokotala opanda mayeso aja. Akuti nyama imanenepetsa, mazira amanenepetsa, nyemba ndi mkaka ndiye osayandikira. Mbale yake inasanduka ya kabichi wowiritsa, kagawo ka buledi ndi tiyi wopanda shuga. Yanga inkabwera ndi dzira ndi nsomba, poti anati zilonda zogonera zimapola ndi zimenezo. Ndinkadya ndikuchita manyazi.

Sikelo ya m'bafa inayamba kumusekerera. Madiresi akale anatuluka m'sutikesi. Obwera kudzandizonda ankaiwala wodwala n'kumazungulira mkazi wanga. "Mlamu, mwabwerera utsikana!" anatero achimwene anga, omwe chiyambire matendawa ankangoti ndisamukire kwawo, kumene kuli anyamata awo amphamvu. Kwawoko n'kutali, ndipo mkazi wanga sakanasiya ntchito yake yosoka kuti anditsatire. Ndinkakana, ndipo chokanira changa chinali mikono yake basi.

Koma mikonoyo inkatha. Poyamba inkangonjenjemera. Kenako anayamba kundikweza kawiri, ulendo woyamba n'kundibwezera pabedi kuti apume. Pamene panali mnofu wolimba panatsala khungu lolendewera. Zinkandiopsa, ndipo mantha anga amatulukira m'ukali.

"Mayi, idyani dzirali."

"Mukufuna ndife ndi magazi?"

"Mukufa kale ndi kabichi!"

Anakwiya.

Dokotala wa mafizo, mayi wamng'ono thupi yemwe ankabwera kudzawongola mwendo wanga, anamuona akulimbana ndi chivundikiro cha botolo. Anamugwira mkono n'kuufinya, n'kufunsa zimene amadya. Atamva anapukusa mutu.

"Mayi, sikelo sisiyanitsa mafuta ndi mnofu. Mukachepetsa chakudya n'kusiyanso zomanga thupi, thupi limadya minofu yake yomwe. Wochepetsa thupi amafunika mapuloteni ochuluka kuposa wongokhala. Kwa inu onyamula munthu, pafupifupi galamu imodzi ndi theka patsiku pa kilo iliyonse ya thupi lanu, ngati impso zili bwino. Musavutike ndi masamu: chakudya chilichonse pakhale nsomba, nkhuku, mazira kapena nyemba zodzaza chikhatho chanu. Chepetsani shuga ndi zokazinga, osati izi."

"Ndiye thupi libwererenso?"

"Litsikabe, koma pang'onopang'ono."

Mkazi wanga anavomera ndi mutu, kuvomera kwa munthu wofuna mlendo apite. Dokotala atatuluka anati, "Iye wowonda chibadwire uja adziwa chiyani? Ndingotsitsako pang'ono, kenako ndiyamba." Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma ine ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Sizinathandize.

Tinagwa m'mawa wina, m'bafa. Anali atandisambitsa, akundichotsa pampando wapulasitiki. Ndinamva mikono ikumasuka, osati kuterereka ayi, kungotha mphamvu. Ndinamenyetsa phewa pasimenti, iye n'kundigwera pamwamba. Anayesa kundidzutsa, anayesanso, akulira. Sindinasunthe. Pomaliza anandifunditsa thaulo n'kukagogoda kwa aneba, ndipo bambo wa nyumba yoyandikana ndi yathu, amene ndinkangopatsana naye moni, anandinyamula ndili chibadwire. Manyazi amenewo sindidzawaiwala.

Nkhani inafika kwa achimwene tsiku lomwelo. Ulendo uno sanandifunse maganizo.

"Mlamu, sitikukuimbani mlandu," anatero ataima pakhomo la kuchipinda. "Koma tikadikira, tidzanyamula anthu awiri. Ndibwera ndi galimoto Loweruka."

Madzulo ake mkazi wanga anaphika mazira, n'kukhala m'mphepete mwa bedi langa. Anadya limodzilimodzi, misozi ikugwera m'mbale, ngati akumwa mankhwala owawa. Kenako anaimbira dokotala wa mafizo, foni ili pokweza mawu.

"Ndayamba kudya. Mphamvu zibwerera liti?"

"Zibwerera, mayi, mukamadya bwino ndi kulimbitsa mikono. Koma ndi nkhani ya miyezi."

"Pofika Loweruka sizingatheke?"

"Sizingatheke, mayi," anatero dokotala.

Loweruka anyamata a achimwene anandinyamula mosavuta, mmodzi kumapewa wina kumiyendo, osandiyang'ana n'kumaso komwe. Anandikhazika kumpando wakumbuyo n'kupinda chikuku. Ndili pawindo ndinaona mkazi wanga akutuluka ndi chikwama cha zovala zanga. Mmodzi wa anyamatawo anathamanga kuti amulandire.

"Siya," anatero. "Ichi chokha ndinyamula ndekha."

Anachigwira ndi manja awiri, ndipo asanafike pagalimoto anachitula pansi kuti apume.