Anathira Madzi a Mayi Wamoyo

Nkhani iyi anandiuza ndi Narith, woyendetsa tuk-tuk, kanjinga kamoto konyamula anthu, mumzinda wa Siem Reap, mvula itatipanikiza pakhonde la wogulitsa khofi. Akuti mayi wa m'nkhaniyi ndi msuweni wake.

Rumduol ankayanika mayunifolomu pamene bambo Vuthy, mkulu wa nyumba ya ana amasiye, anamuitanira kuseri kwa thanki. Anamuuza kuti Ingrid, mtsikana wachizungu amene anabwera kudzathandiza, wamva za Pchum Ben, nyengo imene anthu amapititsa chakudya kukachisi kuti akufa awo adye. Ndiye wagula mpunga, nkhumba ndi zipatso kuti Pisey, mwana amene ankamukonda kuposa onse, akakumbukire malemu mayi ake.

Pisey anali mwana wa Rumduol. Kumudzi sukulu inali kutali, mpunga sunkatuluka chaka, ndiye anamupereka kuno, iye n'kupempha ntchito yochapa kuti azimuona. Pangano linali lakuti pamaso pa alendo mwanayo ndi wamasiye, ndipo mayi ake aziwatcha Ming, ngati azakhali wamba.

"Aphunzitsi, inetu ndili moyo," anatero Rumduol.

"Ndikukuona, mlongo. Koma mlendo ndi mame, sabata yamawa akwera ndege. Ukatsegula pakamwa, denga latsopano watilonjeza lija lapita, mwana wakoyonso abwerera kumudzi kokaweta njati zolimira. Walira mvula walira matope."

Rumduol anapempha kuti iye atsaleko, koma Ingrid anali atasankha kale iyeyo kuti anyamule chakudya, poti mwanayo amaoneka kuti anamuzolowera. Sokhom wophika anamupachika zotengera m'manja. "Pita mwali, ndani winanso anaonererapo mwambo wake? Ukatiuze ngati nkhumbayo imafikadi kumeneko."

Kukachisi anthu anali thithithi. Amonke, ansembe a pakachisipo, atalandira chakudya, inafika nthawi yothira madzi, pamene aliyense amatsanulira pang'onopang'ono m'mbale dzina la wakufa wake likutchulidwa. Mkulu wotsogolera mapemphero anawerama.

"Mdzukulu, mayi ako anali ndani dzina?"

Pisey anayang'ana Rumduol. Ingrid anamusisita pamsana. Bambo Vuthy anatsokomola. Rumduol anaganiza za ana a kumudzi amene amafika zaka khumi osadziwa kulemba dzina.

"Anali Rumduol, agogo," anayankha yekha mwini dzina. Kunyumba kuja aliyense ankangomutcha Ming, choncho Ingrid sanatembenuke n'komwe.

Mkuluyo analitchula mokweza pakati pa mayina a akufa. Mwana anapendeketsa botolo, madzi n'kumatayikira pamphasa. Rumduol anamugwira dzanja, ndipo anathira limodzi mpaka botolo linauma. Ingrid analira kwambiri, anamukumbatira Rumduol, n'kumuthokoza chifukwa chosamalira mwana wa eni.

Ndege inanyamuka, denga linakhomedwa. Koma kuyambira tsiku limenelo Pisey sananenenso kuti amayi, ngakhale ali awiri kuchitsime. Akamupatsa kanthu amalandira ndi manja awiri, "Zikomo, Ming," n'kuchokapo. Rumduol ankati amukhazika pansi alendo akatha, koma alendo sakutha, wina akamakwera wina akutsika. Mpaka lero akuchapa komweko.

Narith amalumbira kuti mzungu uja anapita osadziwa kanthu. Ine ndayenda, ndamva zambiri, ndipo pamenepo ndimakayika. Anandionetsa chithunzi cha tsikulo pafoni yake. Mayi ndi mwana nkhope ndi imodzi, wamaso aliyense akanaona ngati akanafuna.