Khoma la pabalaza

Mmisiri anali atakweza kale hamala pamene apongozi aakazi a make mapasa anakoka mpando n'kukhala, msana atatsamiritsa kukhoma.

Make mapasa anamva mtima ukuwira. Khoma la pabalazali ndilo linkatchinga bwalo la kuseri. Pulani inati ligwe, pakhale zitseko zagalasi zokankha, kuti munthu azichoka pasofa n'kuponda kapinga, ana akusewera iye akuwaona. Analota zimenezi chikwatiwire. Vuto linali loti pakhomapo malemu apongozi ake aamuna, katswiri wojambula, anapentapo chimtengo chodzaza mbalame, penti yake yokhuthala ngati matope.

"Amayi, tinagwirizana kale," anatero mwamuna wake. "Tachijambula ndi kamera. Tichikulitsa, tichiike mufelemu yagalasi, nyale ikuwala pamwamba. Chidzakongola kuposa apa."

"Munagwirizana inuyo. Ine ndinangoti ndamva."

Mmisiri anakanda m'mutu. "Bwana, ndiyambe khoma kapena ndiyambe ndanyamula agogo ndi mpando womwe?"

Palibe anaseka.

"Amayi, magalasi adula kale, ali pagalimoto panjapo," anatero make mapasa. "Kodi ine m'nyumba muno ndilibe mawu?"

"Uli nawo, mwana wanga. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Anakweza dzanja osatembenuka n'komwe, zala n'kufikira pa kambalame ka panthambi yam'munsi.

"Maso angawa anachita ng'ala, ndinkangokubisirani. Mtengowu sindiuonanso. Ndimauyendera ndi zala m'mawa uliwonse, ndiye moni wanga kwa bambo anu. Nanga pagalasi zala zidzamva chiyani?"

Make mapasa anayandikira. Phiko la kambalameko linali lakuda ndi losalala. Ndi kangati iye anakalipira mapasa kuti akudetsa khoma ndi manja, n'kukwechapo ndi sopo? Manyazi anamugwira. Komabe bwalo lake lija linkamupweteka, ndipo sakananama kuti ayi.

"Ikani hamala pansi," make mapasa anauza mmisiri. "Mukulitse windo lakumbaliro likhale chitseko. Chimodzi basi."

"Nanga magalasi aakulu aja?" anafunsa mwamuna wake.

"Abwerere."

Galimoto italira panja, misozi inalengeza m'maso mwa make mapasa. Apongozi anafufuza dzanja lake, n'kuliyendetsa pakhomapo pang'onopang'ono mpaka pamene penti inakhota.

"Wapamva apa? Apa m'pamene dzanja la bambo anu linayambira kunjenjemera. Sanajambulenso china."