Chitsulo cha Mbali Imodzi

Wodi ya anthu ophunziranso kuyenda inali kumapeto kwenikweni kwa chipatala, kuseri kwa nyumba yochapira, kumene ngakhale mphaka wa kukhitchini ankachita ulesi kufikako. Amene anaimanga anaika mabedi uku, chimbudzi uko, pakati n'kuyalapo khonde lalitali ngati ulaliki wa m'busa watsopano. Chitsulo chogwirira anachikhomera khoma limodzi lokha, la kumanzere ukamapita. Kaya mmisiriyo ankaganiza kuti munthu akapita kuchimbudzi amasamukira konko, akudziwa ndi mwini wake.

Ndiye munthu wofa dzanja lamanja ankapita bwinobwino, lamanzere lili pachitsulo. Akatembenuka kuti abwerere, chitsulo chija chinkapezeka mbali yakufayo. Pamenepo chitsulo ankakhala namwino.

Namwinoyo anali mmodzi yekha masana onse. Kale analipo awiri, koma mnzake msana unamukana ndipo anakamukhazika pampando kolandirira odwala. Wotsalayu msana wake nawo unali utayamba kuyankhula. Tiyi ankamwera m'kachipinda kosungira nsalu, atakhalira ndowa yovundikira, poti kodyera anamwino kunali kutali: ukamafika, belu la kuwodi lalira kale. Odwala ake ambiri matenda anali atawalanda mawu. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwawongola zala, iwo n'kumangomuyang'ana. Tsiku linkatha pakamwa pake patangotuluka "kwezani mwendo" ndi "pang'onopang'ono".

Kenako kunabwera adalaivala. Bambo amenewa anakalambira pachiwongolero cha basi, ndipo sitiroko inawapha mbali yonse ya kumanja, koma pakamwa inapaiwala. Mawu ankatuluka mokhota, komabe ankatuluka, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ankamufotokozera namwino za mayi amene anakweza mbuzi ataiveka chipewa kuti ipite ngati mwana, za kondakitala amene anamusiya pasiteji akugula fodya, za matayala, za apolisi apamsewu. Namwino anadzimva akuseka, mpaka anadabwa kuti kuseka kwake kumamveka choncho.

Adalaivala ankafuna chinthu chimodzi: kupita kwawo. Mwana wawo wamwamuna, amene ankabwera Loweruka atanyamula mabuledi ndi nkhope ya munthu wochedwa kwina, ananena poyera. Iye ndi mkazi wake amachoka m'mawa n'kubwera madzulo, kunyumba sikutsala munthu. Bambo akadzatha kupita kuchimbudzi n'kubwerako okha, adzawatenga tsiku lomwelo. Apo ayi, akhale kaye.

Kupita ankapita ngati mnyamata wokafunsira mbeta. Kubwerera ndiye kunali nkhani. Namwino ankalowa kunsi kwa phewa lakufalo, n'kuwagwira lamba, thupi lonse la munthu wamkuluyo n'kutsamira pa iye. Pofika pabedi, namwino ankayamba waima kaye atagwira m'chiuno, akunamizira kuyang'ana panja. Anakapemphapo chitsulo chachiwiri kwa akuluakulu. Kunabwera amuna awiri ndi tepi, anayeza khoma, anagogoda, anagwedeza mitu ngati akuyeza wodwala, n'kupita. Mwina akuyezabe kwina.

Patapita masiku namwino anazindikira kuti belu la adalaivala lasiya kulira. Poyamba anayamika. Kenako anaona kuti tiyi akumabwerera ali wodzaza kapu, botolo la madzi silikutsika, milomo ya bambowo yachita ming'alu. Nkhani za basi nazo zinayamba kufupika.

"Bambo, madziwa mwakangana nawo?"

Adalaivala anati alibe ludzu. Namwino anawauza kuti anama bwino, koma lilime lawo likuoneka ngati chikopa cha nsapato. Adalaivala anayang'ana kudenga.

"Anesi, ine galimoto ikayamba kulira kumasipuling'i ndimaimva. Inuyo mukulira kumasipuling'i. Mukathyoka, atibweretsera ndani kuno?"

Namwino anawakalipira bwino lomwe. Anawauza za impso, za chikhodzodzo, kuti munthu wouma miyendo yake siphunzira kanthu, ndipo akapitiriza adzatuluka m'chipatala muno ali chogona. Anawagwirira kapu mpaka anamaliza. Koma atalowa m'kachipinda ka nsalu anakhala pandowa paja nthawi yaitali osamwa tiyi wake. Panali patapita zaka munthu asanafunse za msana wake.

Mawa lake adalaivala anabwera ndi nzeru zawo. Anati basi ikalowa mumsewu wopanda potembenukira, sulira, umaika rivesi. Ngati chitsulo chili kumanzere popita, asatembenuke n'komwe: abwerere chafutambuyo, dzanja lili pomwepo. Namwino anakana. Anati sanaphunzire ntchito imeneyi kuti azitola mano a anthu pakhonde.

Koma masana, odwala atawodzera, anakaima yekha kukhomo la chimbudzi. Anapisa dzanja lamanja m'thumba, nagwira chitsulo ndi lamanzere, nayamba kubwerera m'mbuyo akukoka mwendo umodzi. Mayi wochapa, amene ankadutsa ndi mtolo wa nsalu, anaima n'kumuyang'ana, kenako anafunsa mwaulemu ngati kunyumba kuli bwino. Namwino anati kuli bwino. Mayiyo anapita akutembenukatembenuka.

Zinkatheka, koma munthu sunkaona kumbuyo, ndipo pakhondepo pankasiyidwa chilichonse: ndowa, njinga ya odwala, chopondera cha mopu. Atawauza adalaivala, iwo anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa n'kunena kuti palibe munthu wamisala amene amachita rivesi popanda galasi.

M'wodimo munalibe kalilole, ndipo sikunali kuiwala. Namwino anatenga wamtali wa m'chipinda chosinthira zovala, namukoka yekha, namuimika kumapeto kwa khonde pafupi ndi chimbudzi, kuti munthu akamabwerera m'mbuyo aziona njira yonse. Anali atatanganidwa ndi kumutchinga ndi njerwa kuti asagwe, moti sanaganize za chinthu china chimene kalilole amaonetsa.

Adalaivala anafika pamenepo n'kuima. Chiyambire matendawa anali asanadzione. Tsaya linali litagwa, diso limodzi lili pansi, malovu akunyezimira pakona ya mlomo. Namwino anaona dzanja lawo likuchita kufinya chitsulo. Anafuna kunena kanthu, koma mawu onse amene anali nawo anali a "kwezani mwendo".

"Mwana wanga wakhala akuona zimenezi Loweruka lililonse?"

"Eya, bambo."

"Ndiye n'chifukwa chake amayang'ana mabuledi."

Tsiku limenelo anakana rivesi. Anabwerera atatsamira namwino ngati kale, ndipo sanatchule basi mpaka madzulo. Tsiku lotsatira anapempha kansalu kopukutira pakamwa, nakapisa m'thumba la malaya, nati tiyeni. Pagalasi paja anayang'ana pamwamba pa phewa lawo, osati pankhope, monga amachitira oyendetsa galimoto.

Poyamba namwino ankayenda kumbuyo kwawo manja ali m'chiuno mwawo. Kenako ankangogwira lamba ndi zala ziwiri. Kenako ankayenda chapatali, manja ali chire, iwo akumulamula ngati kondakitala kuti aziwauza "bwera, bwera". Anagwapo kamodzi, chokhala, n'kunena kuti imeneyo ndi bampu ya boma. Mwendo wakufa uja, pozolowera kukokedwa uku ndi uku, unayamba kudzinyamula pang'ono. Madzi ankamwa ngati ng'ombe tsopano, dala, kuti apeze chifukwa cha ulendo.

Loweruka lina mwana uja anapeza bedi lili lokha. Atasuzumira pakhonde anaona msana wa bambo ake ukubwera. Anaima mabuledi ali m'manja mpaka msanawo unafika, n'kukhala pabedi. Adalaivala anamuuza kuti kunyumba n'kophweka kuposa apa, poti kakhonde kawo n'kopanikiza, khoma uku khoma uku, munthu sungasowe pogwira.

Mwanayo anamuitanira namwino pambali. Anafunsa motsitsa mawu ngati zimenezi n'zoona kapena ndi masewera a tsiku limodzi, poti iye sangapirire kudzawapeza ali pansi madzulo. Anati chimene anene anamwino ndi chomwecho. Akati adikire mwezi, adikira.

Namwino anayang'ana m'wodimo. Mabedi onse anali zii, maso okhaokha. Mwezi wina sukanapweteka munthu. Akanatha kunena kuti mwendo ukufunika kulimba, ndipo silikanakhala bodza lenileni. Adalaivala anali atayamba kale kupinda malaya ndi dzanja limodzi, akuwapinda moipa, akunamizira kuti sakumvetsera.

"Atengeni," anatero. "Muchotse kapeti pakhonde, ndipo muziwasiyira madzi pafupi. Akakuuzani kuti alibe ludzu, akunama."

Dokotala anadzasaina Lolemba. Mwana uja anawatulutsa panjinga ya odwala chifukwa njira ya kugeti inali yaitali. Adalaivala anadandaula njira yonse kuti mwana wawo sadziwa kukhota, ndipo pakhomo la wodi anakweza dzanja lamanzere osatembenuka, poti khosi silinkalola. Anati adzabwera kudzacheza. Onse amatero.

Namwino anayalula nsalu pabedi paja, napukuta matiresi, nayala zatsopano. Pansi pa pilo panalibe kanthu. Atamaliza anatenga beseni n'kupita kwa gogo wa pabedi loyandikana, amene chibwerere anali asanatulutsepo liwu. Ananyowetsa nsalu, nayamba kumupukuta zala chimodzichimodzi. Kunja makina ochapira ankangolira. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, kalikonse, nafufuza m'mutu mwake nkhani yake yake yoti n'kuuza munthu. Anafufuza mpaka madzi a m'beseni anazizira, kenako anadzuka kukatenga ena.