Ng'ombe Zoikiza za ku Namasuwi

Lipoti la akatswiri linati kutseka dambo la Namasuwi kudzapweteka mabanja anayi okha. Anayi! Owerengawo anabwera pa galimoto, anaona makola anayi m'mphepete mwa dambo, anafunsa dzina la mwini khola lililonse, n'kubwerera m'tauni dzuwa lisanapendeke. Choncho bungwe loteteza mbalame linapempha boma kuti dambo lonse litchingidwe ndi waya, atsekwe aziikira mazira mwamtendere, ndipo eni ng'ombewo, poti ndi olemera, akadzionere msipu kwina. Kwina kuti? Kum'mawa ndi malire a Mozambique, kumadzulo ndi minda ya mpunga ya eni ake.

Rashida, mwana wa ku Nkaya wophunzira payunivesite, anatsika sitima pa Nayuchi ndi chikwama ndi nsapato za mphira. Anamutuma ndi aphunzitsi ake, a Dokotala Blasius, omwenso anatsogolera lipoti lija. Ntchito yake inali yotsatira ng'ombe m'dambo ndi kuona mmene zimapondera zisa. Kunena zoona, anamutuma kudzavomereza zimene zinalembedwa kale.

Ankagona kwa Abiti Yunusu, mayi wowonda, wosalankhulalankhula, amene ankalima mpunga. Amuna awo, Che Hamza, anali munthu wa mapulani ambiri. Mbuzi za pakhomo anazigulitsa kuti agule njinga yamoto ya kabaza, njingayo inafera pa Ntaja, ndipo mpaka lero akuti akudikira sipeya.

Posakhalitsa Rashida anaona chachilendo. Mjigo unali kuseri kwa nyumba, koma m'mawa uliwonse Abiti Yunusu ankazungulira ndi ndowa yawo kudzera ku khola la Che Nasoro, lalikulu pa onse anayi. Akafika ankayang'ana uku ndi uku, n'kumasula kansonga ka chitenje, ndipo ng'ombe yaikazi yofiira inkabwera yokha kudzanyambita mchere m'dzanja lawo.

“Mayi, ng'ombe ya eni imakudziwani chonchi bwanji?” Rashida anafunsa tsiku lina akubwerera.

Abiti Yunusu anatula ndowa pansi. “Mwanangu, uli ndi maso oipa. Ija ndi yanga. Ndinaikiza.”

Anamufotokozera. Kuno mkazi akapeza ng'ombe saimanga pakhomo. Amaipereka kwa mwini khola kuti amusungire mwakachetechete. Mwini khola amadya mkaka ndi kutenga manyowa, koma ng'ombe ndi ana ake ndi za woikizayo. Ikakhala pakhomo, mwamuna aigulitsa, kapena achibale abwera ndi mavuto awo mpaka itatha. Yawoyo anaipeza ndi mpunga wa zaka zambiri, wobisa pang'onopang'ono, kuti mwana wawo wamkazi amene ali ku sekondale asadzasiyire sukulu panjira.

“Wallahi, ndikulumbira, akangomva a Hamza, mawa lomwe ili pamsika. Usadzanditchule.”

“Sindidzakutchulani, mayi.”

Kuyambira pamenepo akazi anayamba kumuuza zawo mmodzimmodzi, kumunda, kuchigayo, kumaliro, aliyense atamulumbiritsa kaye. Amasiye, agogo olera ana amasiye, ngakhale mkazi wa shehe. M'makola anayi aja munali chuma cha midzi yonse yozungulira dambo. Dambo likatsekedwa, ng'ombe zikanagulitsidwa motchipa, ndipo eni ake enieni sakanatha ngakhale kulira poyera. Rashida anapsa mtima kwambiri, makamaka poganiza kuti iyenso akanapanda kugona m'nyumba ija akanalemba “mabanja anayi” ndi kulandira digiri yake.

Anaimbira foni a Dokotala Blasius ataima pa chulu, pomwe netiweki imagwira, n'kuwauza za ng'ombe zoikizazo.

“Umboni uli kuti?” anafunsa a Dokotala. Sanali munthu woipa, mbalame ankazikondadi, ndipo atsekwe anali akuchepadi. “Ndipatse mayina, tiwafunse tokha.”

“Mayina sindingapereke, bwana. Ndinalonjeza.”

“Ndiye ndi nthano za kuchigayo zimenezo. Rashida, bungwe lomwe likufuna wayayu ndi lomwe likukulipirira sukulu. Pamsonkhano wokambirana za dambolo udzanene za zisa basi.”

“Za zisa ndidzanena. Atsekwe amaswera m'bango, miyezi ya mvula. Titseke bango nthawi imeneyo, msipu tiusiye. Koma zoti ndi mabanja anayi, zimenezo sindinena.”

Madzulo ake anauza Abiti Yunusu zonse, akupeta mpunga pakhonde. Mayiwo anangopitiriza kupeta.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu ya pulayimale. Akuluakulu anakhala pa mipando, amuna pansi pa mitengo ya mango, akazi chapatali pa udzu. Panali mayi wina wochokera ku khonsolo, amene anatumidwa kudzamva maganizo a anthu asanasainire za waya. A Dokotala Blasius anaonetsa zithunzi za atsekwe, analankhula bwino ndithu, kenako anaitana wophunzira wawo.

Rashida anaimirira n'kulankhula ndi mawu olimba. Ananena za bango ndi miyezi yoswa. Kenako anati: “Lipoti lathu linalakwitsa. Tinawerenga makola, sitinawerenge eni ng'ombe. Ng'ombe zambiri muno ndi zoikiza, ndipo eni ake ambiri ndi akazi.”

A Dokotala anavula magalasi n'kuyang'ana pansi. Kumbali ya amuna kunabuka phwete, ndipo woseka kwambiri anali Che Hamza.

“Akazi? Ng'ombe azitenga kuti? Wanga uja ngakhale nkhuku imamuvuta!”

Mayi wa ku khonsolo anakweza dzanja. “Achemwali, tiuzeni ngakhale dzina limodzi.”

“Iyayi, amayi. Sindingatchule.”

“Nanga a Nasoro alipo? Bambo, ng'ombe za m'khola mwanu zonse ndi zanu?”

Che Nasoro, nkhalamba ya ndevu zoyera, anakonza chisoti chawo. Kunama sankafuna, kuulula zosungitsidwa n'kosatheka. “Khola ndi langa,” anatero, n'kukhala pansi.

“Ndiye titani?” anati mayi uja. “Ine ndikufuna kukuthandizani, koma sindingapite ku ofesi ndi mphekesera.”

“Pitani nazo choncho,” anayankha Rashida, mtima utamuwawa. “Mukalembe kuti wophunzira anakana. Digiri angandilande, koma sindigulitsa anthu amene anandidyetsa kuti lipoti lioneke loyera.”

Atatembenuka anaona malo a Abiti Yunusu ali opanda munthu. Mayiwo anali atanyamuka, akulowera kuseri kwa makalasi osayang'ana m'mbuyo. Rashida anamva chisoni. Anaganiza kuti wawachititsa mantha, ndipo mwina wataya sukulu pachabe. Msonkhano unapitirira, anthu akukangana za komwe waya adzayambire ndi amene adzalembedwe ganyu yokumba maenje. Che Hamza anali kale pamzere wa ofuna ganyuyo.

Kenako ana a sukulu anayamba kukuwa. Panjira yochokera kudambo panatulukira Abiti Yunusu, chitenje atachimanga m'chiuno ngati akupita kokolola, akukoka ng'ombe yofiira pa chingwe, kamwana kake kakudumphadumpha pambuyo. Sanazungulire. Anadutsa pakati penipeni pa amuna, iwo n'kumafutukuka, mpaka anaima kutsogolo kwa tebulo la akuluakulu. Ng'ombe inanunkhiza zithunzi za atsekwe zija.

“Iwe, wapenga?” anakuwa Che Hamza. “Ng'ombe ya Che Nasoro ukuitengera kuno chifukwa chiyani? Ukufuna mlandu?”

“A Nasoro,” anatero Abiti Yunusu osayang'ana amuna awo, “ndakumasulani. Nenani.”

Nkhalamba ija inaimirira pang'onopang'ono. “Ndi yawo. Ndi kamwanako komwe. Ine ndimangosunga.”

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chikatseguka ena amatulukira pomwepo. Mayi wina wamasiye anaimirira kumbuyo. “Yakuda ya nyanga zazifupi m'khola lomwelo ndi yanga.” Wina naye anaimirira, kenako wina. Mkazi wa shehe anaimirira atagwira pakamwa, amuna ake akumuyang'ana ngati akumuona koyamba. Ena anakhalabe pansi, maso ali pa udzu, ndipo palibe anawakakamiza. Koma oimirirawo anali ambiri moti mayi wa ku khonsolo anatseka cholembera chake n'kunena kuti za waya ziyambe zaima, awerengenso bwino. A Dokotala Blasius anayang'ana akaziwo nthawi yaitali, kenako anayang'ana Rashida. Za digiri yake sizinadziwike tsiku limenelo.

Rashida sanasangalale. Misozi inali m'maso, chifukwa ankadziwa mtengo wa zimene zinachitikazi. Dambo linapulumuka kaye, koma chinsinsi chimene chinasunga ng'ombe ija zaka zonsezi chinali chitatha, ndipo Che Hamza anali atayamba kale kuizungulira, akuisisita pamsana, akuyeza ntchafu ndi maso ngati wogula pamsika.

“Mayi, bwanji mwatero?” ananong'ona. “Ine sindikanakutchulani.”

“Ndikudziwa, mwanangu. Koma dambo litatsekedwa, ndikanabisa ng'ombe yoti ikadye kuti?”

Che Hamza anamwetulira, mawu atafewa ngati a mkwati. “Abiti, bwanji osandiuza? Chuma cha banja chimenechi. Bweretsa chingwecho, ndiipititse kunyumba.”

Anatambasula dzanja. Abiti Yunusu anakulunga chingwe kawiri padzanja lawo, n'kulankhula mokweza kuti amve shehe, amve a boma, amve mudzi wonse.

“Mwaiona, a Hamza, ndipo anthu onsewa aona kuti ndi ya ndani. Ikadzasowa, aliyense adziwa khomo loyambira kufunsa. Chotsani dzanja.”

Che Hamza anayang'ana amuna anzake kuti amuthandize. Onse anali otanganidwa ndi akazi awo. Dzanja lija linatsika lokha, ndipo Abiti Yunusu anatembenuza ng'ombe yawo kulowera kudambo.