Tomato Wosawola

Pamsika onse ankawatchula a Pukutani, chifukwa tomato asanakwere pabenchi lawo ankayamba wapukutidwa ndi kansalu mpaka kunyezimira. Wofewa kapena wobooledwa ndi mbozi ankamuponya m'dengu la pansi pa benchi, n'kuvundikira ndi chiguduli. Kwa iwo, kuonetsa wogula tomato wowola kunali ngati kulandira alendo m'nyumba yosasesa.

Ukhondo womwewo ndi umene unawaputira mavuto.

Tsiku lina pawailesi anakamba za zakudya zimene asayansi amazisintha chibadwa. Pofika pamsika, nkhaniyo inali itamera nyanga. Akuti tomato wotere sawola, mbozi imamuthawa, ndipo mayi woyembekezera akamudya... apa wonenayo ankangogwira pakamwa. Maso onse anatembenukira kubenchi lonyezimira lija.

Ogula anayamba kulilambalala. Bambo wa benchi loyandikana nalo, mwini tomato wokwinyika ngati chigongono, anakweza mtengo n'kumakuwa kuti, "Wachilengedwe uyu!" Chonsecho onse awiri ankapikula palole imodzi. Anthu nawonso! A Pukutani ankaweruka ndi katundu yense, mpaka anayamba kuganiza zolisiya benchi limene linawalerera ana.

Koma chimene chinawapweteka kwambiri chinachitika m'mawa wina. Anaona mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo woyamba, mimba ili patsogolo, akusankha tomato wokwinyika uja.

"Mwanawe, tabwera kuno. Nawenso?"

Mpongoziyo anafika atazolika. "Amayi, musandiganizire zoipa. Ndikuopera kamwanaka."

"Ine ndingadyetse mdzukulu wanga poizoni? Za asayansizo sindizidziwa, kaya n'zabwino kaya n'zoipa. Koma tomatoyu ndinafunsa kwa mlimi wake. Mbewu ndi yomwe ija ya kale."

"Ndamva, amayi. Kungoti chikwatiwire, tomato wanu sindinamuonepo atawola."

A Pukutani anayang'ana kansalu kali m'manja mwawo, kenako chiguduli chija. Manyazi anawagwira, pakuti dengu limenelo ankalibisa ngakhale kwa amuna awo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anawerama, n'kulikoka, n'kuliika pamwamba pa benchi.

Fungo lake! Ntchentche zinafika ngati zaitanidwa. Pa tomato wina wophulika, mbozi yonenepa inatulutsa mutu.

"Nayo kasitomala wanga wokhulupirika," anatero a Pukutani. "Iyi sinamvere wailesi."

Mpongozi anaseka mpaka kugwira mimba. Amayi ena amene ankadutsa anaima n'kusuzumira m'dengumo, mphuno atatseka, nkhope zikumasuka. Wina anati, "Abale, ndiye amawola ndithu!" Mmodzi anapukusa mutu n'kumapita, koma ena aja anayamba kusankha.

Kupukuta sanasiye, chizolowezi sichitha ndi tsiku limodzi. Dengu lokha ndi limene silinabwererenso pansi.

Mpongozi anali womaliza kusankha. Anatola mulu umodzi, ndipo a Pukutani anaonjezerapo tomato wamkulu kuposa onse, atamupukuta kawiri.

"Uyu si wako," anatero a Pukutani. "Ndi wa mdzukulu wanga."

Mpongoziyo anamulandira ndi manja awiri, n'kumuluma pompo.