Nsungwi ya Bentsil

"Ikani pansi mbenderayo, alamu. Akulu anu sanalowe n'komwe m'manda."

Mayi Araba analankhula ali chikhalire pamphasa yawo yaumasiye. Kwamena, mng'ono wa malemu, anali ataitsitsa kale pakhoma pamodzi ndi nsungwi yake. Inali mbendera ya asafo ya kudoko, gulu la amuna a dera lawo: ng'ona yofiira itafungatira ng'oma. M'tauni monse munalibe gulu lina lololedwa kusoka ng'ona pansalu. Bentsil, mwamuna wa Mayi Araba, ndiye ankaivina pa zikondwerero ndi pamaliro, mpaka chifuwa chinamugoneka. Mawa lake inayenera kutsogolera bokosi lake, ndipo woinyamula tsikulo ndiye adzaisunge.

"Mawa anyamula mwana wanga Fiifi," anatero Kwamena.

"Fiifi? Woti beseni la nsomba lokha limamudzandiritsa? Ekow simukumuona?"

Ekow, mwana wa Mayi Araba, anali chiimire pakhomo, msodzi wandevu, wa ana akeake. Anangoyang'ana pansi.

"Alamu, musandilankhulitse zambiri pamaliro. Munthu amalowa asafo ya bambo womubereka. Inu munabwera pano mwanayu ali kumsana. Bambo wake anali wa asafo ya Chiwombankhanga, a kutsidya aja."

"Bambo wake uti? Uja anathawa ndili ndi pakati? Anamugulirapo ngakhale sopo? Amene anamulera, kumuphunzitsa nyanja, kukamufunsira mkazi, ndi amene mukukaika m'manda mawayo."

"Asafo safunsa za sopo. Mawa a Chiwombankhanga abwera kudzalira nafe. Akaona magazi awo atanyamula ng'ona yathu, ayambitsa nyimbo yoti Ng'ona zinaleka kubereka, zikubwereka ana. Anyamata athu sangapirire zimenezo. Mwaiwala mmene diso la akuluwa linapitira?"

Sanaiwale. Unali mwala, pa ndewu ya mbendera yomweyi, ndipo bala lake ankatsuka ndi iwo.

Koma Mayi Araba sanali munthu wochoka pambali pa bwato msodzi asanatsitse mtengo wa nsomba.

"Anyamule kuchoka pano kukafika kutchalitchi basi. Kumanda apitirize Fiifi wanuyo."

"Ayi."

"Kufika pamsewu."

"Ayi, alamu."

"Ndiye agwire kumchira kwa nsaluyo, ngati mwana wosukulu."

"Ngakhale kuikhudza pagulu."

Mayi Araba anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, pakamwa pako anakusoka? Ndikukumenyera nkhondo uli duu ngati chitsa. Lankhula!"

"Asiyeni atenge, amayi," anatero Ekow motsitsa mawu. "Sindikufuna miyala pabokosi la bambo."

Panja azimayi ankaphika chakudya cha olira, kwinaku akuimba chapansipansi. Mayi Araba anamva mawu a mwana wawo akuwalowa ngati munga wa nsomba pakhosi. Kenako anatambasula dzanja.

"Chabwino. Nsaluyo ndi ya gulu, nyamulani. Nsungwiyo ayi. Anadula yekha kuseri kwa malo anga owambira nsomba. Masulani."

"Nsungwi yothaitha ngati iyi muchita nayo chiyani?"

"Ndikolezera moto. Zikukukhudzani? Ndati masulani."

Kwamena anapukusa mutu, namasula zingwe. Anapinda ng'ona ija bwinobwino, mutu mkati, naikwapatira m'khwapa. Ali panja anamveka akuuza Fiifi kuti akadule nsungwi ina dzuwa lisanalowe.

Pakhoma panatsala misomali yokha ndi malo oyera pomwe nsalu inkaphimba.

"Tenga ichi," anatero Mayi Araba, akukankhira nsungwi ija kwa Ekow ndi phazi. "Ndicho ndakupezera. Usati amako sanayese."

Ekow anaitola, naiimika pansi. Chakumunsi kwake kunali malo okulungidwa ndi ulusi wa ukonde, wakuda bii ndi thukuta lakale. Bentsil anakulungapo Ekow ali wamng'ono, kuti kadzanja kasaterereke akamamuphunzitsa kuvina kuseri kwa nyumba. Pamwamba pake panali ena, kenako enanso, kukwera mmene mwanayo ankakulira.

Pamwamba penipeni, pomwe dzanja la Bentsil mwiniyo linali litasalalitsa nsungwi, panali ulusi watsopano, woyera. Unali wokulungidwa mokhotakhota, mfundo zake zolefuka.

Mayi Araba anakumbukira. Masiku omaliza, mwamuna wawo akulephera ngakhale kugwira kapu, anapempha ulusi wa ukonde, iwo namukalipira: "Mukufuna kusoka ukonde wanji muli gone?" Anamuponyera pabedi, n'kupita kukatembenuza nsomba zawo.

Anangokoka nsalu yawo yakuda n'kuphimba pakamwa.

Ekow anayendetsa chala chake kuyambira pa ulusi wapansi uja, kukwera pang'onopang'ono. Atafika pa woyerawo anaima. Anamangitsa mfundo imodzi yomwe inkamasuka, kenako anafumbatapo dzanja lake lonse.