Mkamwini Wogunda Makoma

Ine ndayenda, abale anga. Ndinayamba ndi katebulo kogwedera pa depoti ya mabasi, kugulitsa machaja ndi mabatire, lero ndili ndi mashopu a zamagetsi amene alonda ake amandichitira sawasha. Ndege ndakwera mpaka ogwira ntchito m'menemo kumandifunsa kuti ana ali bwanji. Choncho mwana wathu womaliza, amene timangomutchula kuti Chitsiriza, atabwera ndi nkhani yoti wapeza mwamuna wogwira ntchito ya magemu a pakompyuta, ine ndinaomba m'manja.

Mayi ake sanaombe.

"Wati amatani?" anafunsa akupukuta tebulo loyera kale.

"Amayesa magemu asanayambe kugulitsidwa, amayi."

"Amasewera."

"Amayesa."

"Ndiye kusewerako! Ine kukulera konseku kuti ukakwatiwe ndi munthu wolima ndi zala ziwiri? Ameneyo pakhomo pano sapondapo."

Akazi anga akati sapondapo, ngakhale nyerere zimasintha njira. Chitsiriza anakadzitsekera kuchipinda. Mwana ameneyu sangakwatiwe mayi ake atakana, koma mnyamatayonso sangamusiye. Nkhani inagwera ine, monga zimakhalira nkhani zonse zikuluzikulu.

"Mayi," ndinatero, "mverani munthu woona dziko. Kumene ndimakapikula katundu ndinalowapo m'holo yaikulu ngati bwalo la mpira, yodzaza thothotho, anthu akukuwa, ena akulira, kuonerera anyamata atakhala pamipando akudina mabatani. Imeneyo ndi bizinesi! Ine filiji ndimaikweza sitima, ndiilipirire msonkho, ifike chitseko chitapindika. Anzathuwa amagulitsa chipewa choti avale kamunthu ka mu sikirini. Chipewa chopanda nsalu! Makoswe sachidya, sichifuna mlonda, ndipo ukachigulitsa chimatsala pomwepo kudikira wogula wina. Inde, akathyali aliponso. Amakupatsa gemu yaulere, ikakulowa m'magazi n'kukutsekera njira kuti ulipire. Koma nanga wogulitsa tomato saika wowola pansi?"

"Inu chilichonse chimene munachionera pawindo la ndege ndi chabwino," anayankha.

Komabe anavomera kuti tipite kuntchito kwa mnyamatayo, ati akauone ulesiwo ndi maso awo.

Ofesi yake inali pamwamba pa shopu ya matayala. Tinakwera masitepe opanikiza onunkha mphira, n'kulowa m'chipinda chotseka makatani masana dzuwa likuswa mtengo. Mawaya anali pansi ngati mizu, makapu osatsuka pa tebulo lililonse. Mnyamatayo, wamtali ndi wowonda ngati mlongoti, anatilonjera mwaulemu, anatipatsa mipando, n'kukhala pa sikirini yake kuti tione ntchito.

Mu sikirinimo munali msilikali wa lupanga lalikulu, ali m'bwalo la ndende. Ndinakonzeka kuona nkhondo. Koma mnyamatayo anangomuyendetsa msilikali uja mpaka pakhoma, gu! Anamusuntha pang'ono, gu! Anamudumphitsa, gu!

"Achimwene, mukutani?" anafunsa akazi anga.

"Ndikuona ngati khomali lili ndi pobowoka, mayi. Nthawi zina munthu amapyola n'kugwera kunja kwa dziko."

"Tsiku lonse?"

"Khoma ili ndinaliyamba Lolemba."

Akazi anga anandiyang'ana. Ine amene ndinagulitsapo mafani m'nyengo yozizira, ntchito imeneyi ndinalephera kuigulitsa. Ukwati wa mwana wanga ndinauona ukutsika masitepe.

"Bweretsani kuno chinthucho," anatero akazi anga, "ndione chimene amakulipirirani."

Mnyamatayo anawapatsa rimoti n'kuwalozera batani loyendera ndi logwirira zinthu. Msilikali anadzandira ngati woledzera, anatsegula chitseko cha ndende, n'kutuluka. Nthawi yomweyo zilombo za mano panja zinatulukira kumbali. Anyamata a matebulo ena anali atasonkhana kumbuyo kwathu.

"Thamangani, mayi! Kutsogolo!"

Akazi anga anamutembenuza msilikaliyo n'kumubweza.

"Akupita kuti osatseka chitseko? Analeredwa ndi yani ameneyu?"

Anadina batani. Chitseko chinatsekeka msilikali ali pakati, mutu kunja, miyendo m'kati. Ananjenjemera, anazungulira ngati pulopela, anauluka kupitirira mitambo, sikirini n'kuda bii.

Akazi anga anaika rimoti patebulo msanga.

"Chinali chowonongeka kale," anatero.

Koma mnyamata uja anali ataimirira, maso akuwala ngati wapeza golide.

"Mayi! Mwatani pamenepa? Chonde chitaninso!"

Anayatsanso gemuyo, anakokera mpando wake pafupi, n'kuyamba kufunsa. Munaima mbali iti ya chitseko? Munayamba kutembenuka kapena kudina? Akazi anga anabwereza, msilikali n'kuulukanso. Anabwerezanso, anaulukanso. Mnyamatayo ankalemba pa kompyuta mawu awo onse ngati akulankhula ndi woweruza milandu.

Kuchokera pakona panadzuka mkulu wina wandevu, amene anamanga gemuyo, maso ofiira ndi tulo.

"Iwe, usandiyambe," anatero Wandevuyo. "Gemu ikutuluka sabata yamawa. Palibe munthu wamutu wake angabwerere kukatseka chitseko zilombo zili kumsana."

"Mayi awa mutu wawo ndi wabwinobwino, ndipo abwerera," anayankha mnyamatayo osakweza mawu. "Akabwerera mmodzi, kunjaku abwerera chikwi. Ukonza, mkulu wanga."

Wandevu anatukwana chapansipansi n'kubwerera pakona pake. Kenako mnyamatayo anatembenukira kwa akazi anga n'kufunsa kuti:

"China chimene mwaona cholakwika, mayi?"

Abale anga! Mayi ameneyu ndamugulira nsalu za m'maiko amene maina ake sangawatchule, koma funso limenelo palibe anamufunsapo. Kwathu tonse timadziwa kuti yankho lake lilibe malire. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka ngati ya munthu wovula nsapato zothina.

Anakonza mpando, anatenganso rimoti. Nyali ya pampanda ikuyakiranji masana? Mnyamatayo analemba. Mlonda uyo bwanji mapazi ake sakugunda pansi? Analemba, nati zikomo kwambiri. Nanga msilikaliyu bwanji akulowa m'nyumba za eni popanda odi, kuswa mitsuko, mwini nyumba ali kumwetulira?

"Zimenezo omanga gemu anachita dala, mayi. Osewera amakonda kuswa mitsuko."

"Ndi mwano."

"Ndi mwano ndithu, koma si cholakwika cha makina. Ndikachilemba ngati cholakwika ndanama. Ndiwauza pamsonkhano kuti mwadandaula."

Ndinagwira mpando. Munthu wotsutsa akazi anga pamaso ndinamuona komaliza kalekale, ndipo anasamuka m'dera lathu. Koma iwo anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chabwino, mwana wanga," anatero. "Tiyeni kutsogolo."

Tinatuluka m'menemo ashopu ya matayala akulowetsa katundu wawo. M'galimoto, titadutsa maloboti awiri, akazi anga anayamba kulankhula.

"Munthu woti ukamuuza cholakwika akuti zikomo, bwerezani," anatero. "Ndipo pamene sukulondola akuuza osanjenjemera. M'maiko mwanu monsemo munamuonapo wotere?"

"Ndaona zambiri, mayi, koma ameneyu ndi katundu wosowa."

"Chitsiriza ndi wamakani kuposa ine. Afunika munthu woti akagunda lero, mawa abweranso osakwiya. Imbani foni."

Ndinaimika galimoto pambali n'kumuimbira mwana wanga. Nditangoti mayi ako avomera, anakuwa mpaka wogulitsa nyuzipepala pamsewu anatembenuka. Akazi anga anandilanda foni.

"Usakuwe ngati wapsa. Umuuze abwere kunyumba Lamlungu, adzadye nafe. Ndipo anyamule makina akewo. Mu gemu muja ndasiyira pa mlatho, ndipo mlatho umenewo sindikuukhulupirira."